Buledi wandikwana: ndizitenga chiyani kuntchito kopanda firiji?

Wa ku Kawale:

Moni nonse. Paja akuluakulu amati safunsa anadya phula, ndiye ndati ndifunse phulalo ndisanalimeze.

Ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa nyumba ina yosungiramo katundu ku Kanengo, kulemba zolowa ndi zotuluka. Ndimakhala ku Kawale, ndiye ndi maminibasi awiri, ina yokanditula m'tauni, ina yopita ku Kanengo. Chitseko cha pakhomo ndimatseka 5:30 m'mawa. Mayi akunyumba ndi aphunzitsi, anawasamutsira ku Kasungu chaka chatha ndipo ana anapita nawo. Chichokereni iwowo nkhomaliro yanga sisintha: masilayisi anayi a buledi woyera, majarini, pakati poloni ngati ilipo, ikasowa dzira lokazinga. Ndimakulunga m'pepala lomwelo la buledi n'kuponya m'chikwama. Malipiro akangolowa ndimasamukira pa chiwaya cha kunja kwa geti: tchipisi, kachidutswa ka nkhuku, kabichi wamchere uja, n'kutsitsira botolo la zoziziritsa kukhosi. Pofika pa 10 thumba lapepuka, ndabwerera ku buledi wanga. Ndipo chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023, buledi weniweniyonso si wotchipa ngati kale.

Mwezi watha mutu unandipweteka masiku angapo, ndinapita kuchipatala. Atandiyeza, BP inali 154/98. Anati ndibwerenso, ndinabwerera kawiri, manambala ake osasiyana kwenikweni. Ndili ndi zaka 43. Adokotala anandiuza kuti ndichepetse mchere ndi zokazinga, ndizidya masamba, nyemba ndi zipatso, ndiziyenda pansi, kenako tidzaonane pakatha miyezi itatu kuti aone ngati ndiyambe mankhwala. Ine "chabwino adokotala, zikomo adokotala," koma potuluka pakhomo paja ndinkadzifunsa kuti masambawo ndikawapeza kuti 12 koloko masana pakati pa malole a ku Kanengo.

Vuto langa lili apa. Kuntchito kulibe firiji, kulibe microwave. Chilipo ndi ketulo imodzi ya magetsi imene timalimbirana anthu 9. Kaofesi kathu ndi ka malata opanda siling'i, ndipo mwezi uno wa October ukalowamo masana umangokhala ngati uli mu uvuni wa njerwa. Kunyumba ndili ndi kafiriji kakang'ono, hotipuleti ndi mbaula, koma magetsi ake mukuwadziwa. Kuphika ndimatha pang'ono: nsima, mazira, nyemba, masamba. Zapamwamba ayi. Ndalama zokasankhira zinthu m'masitolo akuluakulu ndilibe, msika wanga ndi wa ku Kawale konkuno.

Ndiulule chinanso, poti pano simukundiona nkhope. Tsiku lina ndinatenga mbatata yowiritsa. Nditangotsegula kontena, mnyamata wina wa mu ofesi mwathu, wamng'ono kwa ine ndi zaka pafupifupi 15, anati, "Madala, kodi kunyumba kwabwera alendo akumudzi?" Anthu anaseka. Inenso ndinaseka nawo, koma mbatatayo ndinakadyera kuseri kwa lole, ndipo sindinatengenso.

Ndiye ndithandizeni. Kupatula buledi, inu mumatenga chiyani? Chakudya chophikidwa 5 koloko m'mawa chingafike 12:30 chisanasase m'kutentha kuno? Nanga nsima imanyamulika, kapena ndingoiwala?

Mayi wa ku Chilomoni:

Achimwene, tiyambe ndi mnyamata wakusekaniyo. Mukadzayamba mankhwala a BP, pamzere wa kuchipatala azidzakuimirani ndi iyeyo? Mbatata itengeni, muidyere pa desiki, makoko ake mukataye iye akuona.

Ine ndakhala ndikulongedza makontena atatu m'mawa uliwonse kwa zaka 12: yanga, ya bambo akunyumba ndi ya mtsikana wathu amene tsopano ali ku koleji. Ndimagwira ntchito ku Limbe, kwathunso firiji kulibe. Chimene ndinaphunzira n'chakuti nkhomaliro ya sabata yonse imaphikidwa Lamlungu masana, m'mawa n'kungomalizitsa.

Loweruka usiku viikani nyemba, makapu atatu. Lamlungu mukabwera kutchalitchi tayani madzi aja, thirani ena, terekani pa mbaula. Zoviika zimapsa msanga, makala simuwononga, ndipo m'mimba sizisokosera kwambiri, zimene m'kaofesi ka anthu 9 n'zofunika. Muphike zoyera, zopanda tomato, zopanda mafuta, chifukwa zothira tomato sizichedwa kusasa. Zikazizira gawani m'timakontena, kamodzi ka tsiku limodzi. Tiwiri m'firiji, totsalato mu firiza. Magetsi akazima, zouma gwa zimapirira maola angapo bola musamangotsegula chitseko. M'mawa kazingani anyezi ndi tomato m'kamafuta ka supuni imodzi, ponyanimo nyemba, mphindi 10 zakwana. Musamangokakamira mtundu umodzi, mungatope nazo ngati mmene mwatopera ndi buledi. Sabata ino kholophethe, ya mawa khobwe, inayo nzama kapena nandolo. Nzama zimachedwa kupsa koma zimakhala m'mimba mpaka madzulo, 3 koloko simuyamba kusuzumira beseni la mandasi.

Chodyera nyembazo chisakuvuteni. Mbatata, kachewere wowiritsa, chinangwa cha manyokola, nthochi zosapsa zophika, kapena mphale yowiritsa pamodzi ndi nyembazo mumphika umodzi. Mphale ndi nyemba ndiye chakudya cha bambo akunyumba Lachiwiri lililonse. Amathira kambuzi ndi ndimu, ndipo chimakoma ngakhale chitazizira, pamene nsima yozizira inu mukuidziwa.

Koma chimene ndikufuna muyese kaye ndi futali. Pezani mbatata yofiira m'kati ija, kuno timagula Kadyaubwerere kapena Kaphulira, ena amakonda Zondeni. Kufiirako ndiye kumene kuli vitamini A. Isendeni usiku, muiduledule, igone m'madzi. M'mawa mukangodzuka, musanalowe kubafa, iterekeni ndi madzi ochepa, osamiza. Yofiirayi sichedwa kufewa ngati yoyera ija, mukaitayirira mupeza phala. Ikatsala pang'ono kupsa sungunulani nsinjiro masupuni anayi m'kapu ya madzi, thirani, kamchere kotsina ndi zala, vindikirani pa moto wochepa mphindi 8 kapena 10. Musatakase ndi mthiko, ingogwedezani poto. Maungu ndi chinangwa nazonso zimatheka chimodzimodzi. Chenjezo ndi limodzi: chilichonse chotendera chimasasa msanga. Futali ndi wophika m'mawa womwewo, osati wogona. Tsiku limene mwadzuka mochedwa ingotengani mbatata yowiritsa payokha ndi mtedza wokazinga m'kabotolo, zikakumanira m'kamwa.

Masamba musawaope. Bonongwe, nkhwani kapena chisoso zikakhala zosankha ndi zotsuka usiku, m'mawa ndi mphindi 5. Mapeyala ikafika nyengo yake tengani lathunthu mukadule komweko, lilowe m'malo mwa majarini uja. Zipatso tsatani nyengo, musalimbane ndi maapulo a m'sitolo. Panopa nthochi ndi mapapaya, posachedwa mango ndi masuku, ikafika nyengo yozizira manachesi a ku Mwanza amachita kudzaza m'misewu.

Ndipo ngati dzanja lazolowera kugwira chinthu chonga buledi, phikani chigumu Lamlungu lomwelo. Ufa wa mgaiwa makapu awiri, nthochi zakupsa kwambiri zija zamadontho akuda zisanu, dzira limodzi, kasoda, kamkaka kapena madzi. Shuga ayi, nthochizo n'zokwana. Poto pa mbaula, makala ena pa chivindikiro. Chimatha masiku awiri kapena atatu.

Mnyamata wa pa Chinsapo:

Madala, mwavutikiranji? Kwerani basi ya ku Kasungu mukagwade kwa akuluakulu a zamaphunziro awabweze mayi, nkhani yatha. Kkkk. Koma kunena zoona, mwamuna wogwira ntchito ku Kanengo angakhalire mbatata ndi mtedza? Ine chimene sichinadutse pa mthiko sindichiwerenga kuti ndadya.

Namwino wa usiku:

Bambo a ku Kawale, zimene anena mayi a ku Chilomoni n'zabwino. Ine ndingowonjezera mbali ya kusasa ndi ya mchere, poti ndi zimene ndimakumana nazo ku wodi.

Tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba timaswana msanga chakudya chikakhala chofunda, pakati pa madigiri 5 ndi 60. Malangizo a WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, amati chakudya chophika chisangokhala poyera, osati pamoto osati m'firiji, kupitirira maola awiri. Inu kuchokera 5:30 mpaka 12:30 ndi maola 7, m'chipinda cha malata, mu October. Ndiye njira ndi ziwiri basi, chikhale chotentha kwambiri kapena chozizira kwambiri. Ndipo musadalire mphuno, chakudya chimatha kukudwalitsani chisanayambe n'komwe kununkha.

Ngati mwasankha chotentha, gulani flasiki ya chakudya, ya kukamwa kwakukulu, yachitsulo m'kati. Musanaikemo kanthu thiranimo madzi owira, tsekani mphindi 5, khuthulani, kenako pakuliranimo chakudya chikadali kubwata, mudzaze mpaka pakamwa n'kutseka. Yodzaza imasunga kutentha kuposa yatheka. Osamatsegula panjira kuti muone ngati chikadali chamoto. Masana mukatsegula chizituluka nthunzi. Mukapeza changokhala chofunda, flasikiyo ndi yakutha ntchito.

Ngati mwasankha chozizira, thirani madzi m'botolo, osafika pakamwa, ligone mu firiza. M'mawa likulungeni pamodzi ndi kontena yochokera m'firiji m'kathawulo kapena m'nyuzipepala zingapo. Kuntchito chikwama chikhale pansi pa simenti, osati pawindo. Pofika masana chakudya chikadali chozizira, madzi akumwa mwapezeratu.

Pa mpunga ndichenjezepo mwapadera, chifukwa anthu ambiri akasiya buledi amathamangira mpunga wa dzulo. Mu mpunga mumakhala bakiteriya wotchedwa Bacillus cereus, amene timbewu take sitifa pophika. Mpunga ukagona mu poto usiku wonse timbewuti timadzuka n'kutulutsa poizoni amene ngakhale mutenthetsenso sachoka. Munthu amayamba kusanza patangopita maola ochepa. Mukafuna mpunga, phikani m'mawa ulowe mu flasiki, kapena wa madzulo muuyale m'mbale yaikulu kuti uzizire msanga, ulowe m'firiji lisanathe ola limodzi.

Kachumbali ndi wabwino, koma tomato, anyezi ndi kabichi muzitsuka ndi madzi owiritsa kapena othira klorini. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe inali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Ife amene tinagwira ntchito m'matenti muja, saladi wa pamsewu sitimuthamangira.

Tsopano mchere. Mulingo wa WHO kwa munthu wamkulu ndi wosafika magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza zonse zimene mwadya tsikulo. Anthu amaganiza za mchere wa m'botolo wokha. Koma nkhomaliro yanu ija, buledi, majarini ndi poloni, zonse zitatu zimabwera ndi mchere wake kale, poloniyo ndiye kwambiri. Timakyubu tokometsera ndiwo ndi tiufa tobwera m'mapaketi a soya pieces, gawo lalikulu ndi mchere. Soya ndi wabwino, koma kometsani nokha ndi adyo, anyezi, tomato, jinja ndi ndimu. Usipa, matemba ndi bonya n'zabwino zedi, poti timadya ndi minga yomwe ndiye timapezamo kashiamu, koma zina amaumitsa ndi mchere. Lawani kamodzi, mchere ukakhala kuti wawawa ziviikeni m'madzi ofunda mphindi 15, mutaye madziwo, ndipo pophika osathiranso wina. Masiku oyamba chakudya chizimveka chosakolera, koma lilime limazolowera pakatha masabata angapo.

Botolo la 300ml la zoziziritsa kukhosi zambiri limakhala ndi shuga wokwana timasupuni 7 kapena 8. Thobwa la pamsewu nalonso ambiri amathira shuga wosayeza. Imwani madzi, mukafuna kukoma sungunulani malambe kapena bwemba nokha kunyumba.

Magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja timaphunzitsa amayi ku sikelo ndi a abambonso: zokhutitsa, za nyemba, za nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Sikuti onse akwane m'kontena imodzi. Mukatsegula chivindikiro n'kuona magulu anayi, enawo mukapezera pa mgonero. Buledi wa majarini ndi poloni mukamuwerenga bwino, masamba, nyemba ndi zipatso mulibe ngakhale chimodzi.

Ziwiri zazing'ono. Tsiku la nyemba tiyi musamwere pomwepo, amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'nyembamo. Dikirani ola, ndipo ndimu, tomato kapena gwafa ndiye zimathandiza. Mtedza wa nsinjiro sankhani nokha, wonyala, wobooka ndi wachuku tayani, chifukwa poizoni wa chuku amawononga chiwindi ndipo kukazinga sikumuthetsa. Nsinjiro yogula yosinjasinja simudziwa kuti anasinja mtedza wotani.

Tsiku limene adokotala anakupatsani mukapite, ngakhale mutu utasiya kupweteka. BP nthawi zambiri siimveka m'thupi, ndipo akadzati muyambe mankhwala, mbatata ndi nyemba sizilowa m'malo mwake.

Wa ku Kawale:

Zikomo kwambiri mayi a ku Chilomoni, zikomo anamwino. Pa mpunga paja mwandilasa, chifukwa ndi zimene ndimafuna kuchita, kuphika wambiri madzulo n'kuusiya mu poto. Achimwene a pa Chinsapo, ku Kasungu nkhani yake ndi yaitali, tidzakambe tsiku lina. Koma pa nsima paja mwandiyankhulira. Ndikapanda kudya nsima masana thupi limakhala ngati lili ndi ngongole. Palibe amene amanyamula?

Dalaivala wa lole:

Alipo, ndine. Ndayenda msewu wa M1 zaka 19, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Karonga. Nsima imanyamulika achimwene, koma ili ndi malamulo ake.

Ikhale ya mgaiwa. Ufa woyera uja gaga ndi mtima wa chimanga zinachoka pokonola ndi poviika, nsima yake imakoma koma siikhalitsa m'mimba. Phikani yolimbirako pang'ono kuposa ya kunyumba. Mukaomola mitanda isiyeni mphindi ziwiri itulutse nthunzi yoyamba, apo ayi ikachita thukuta mu fuduwoma n'kufika yonyowa kunsi. Fuduwoma ya timbale tosanjikiza ija ndiye yabwino, nsima pansi, ndiwo pamwamba, osasakaniza. Ine ndimaikulunganso ndi chitenje chakale cha mayi akunyumba. Ena amakulunga nsima yamoto m'timajumbo topyapyala. Ndinasiya kalekale, nsima imamveka pulasitiki, komanso timajumbo timeneti boma linaletsa.

Mitanda iwiri, osati inayi. Ndikunena ine amene ndinatsala pang'ono kugwera kuphompho pa Chiweta chifukwa cha tulo ta nsima. Tsikulo ndinadya mitanda inayi ndi nyama ya mbuzi pa Ekwendeni, dzuwa lili paliwombo, pofika m'makona muja zikope zikulemera ngati matumba a feteleza. Anandidzutsa ndi mnyamata wothandizira amene anandimenya paphewa. Chichokereni tsiku limenelo, m'mbale mwanga ndiwo zimachuluka kuposa nsima. Inu pa desiki phompho palibe, koma mukalemba matumba 40 pamene alowa 400, ntchito ithanso.

Ndiwo zopirira ulendo ndi usipa wokazinga wouma wa tomato wochepa, nyemba zophwa msuzi, mfutso wosatendera ndi dzira lowiritsa losasenda. Therere ndi zotendera zisiyeni zikhale za kunyumba. Nyama ya msuzi m'kutentha kwa ku Chikwawa ndinaiyesa kamodzi, zimene zinachitika pakati pa Nchalo ndi Bangula sindingalembe pano, pali azimayi.

Masiku otentha kwambiri zamadzi sinditenga n'komwe. Mtedza wokazinga wopanda mchere, mazira awiri, nthochi, chinangwa chowiritsa, ndipo ikakhala nyengo yake nandolo wamuwisi wowiritsa m'makoko mwake, amene amayi amagulitsa m'mphepete mwa msewu chakummweraku. Amatha nthawi kusenda, ndiye munthu sudya mothamanga. Ketulo ya ku ofesi ija musawiritsiremo mazira, anzanu angakuthamangitseni.

Mlongo wa ku Joni:

Achimwene, nkhani ya manyazi ija yandiseketsa. Ine ndimagwira ntchito mu ofesi ina kuno ku Johannesburg. Mukudziwa nkhomaliro imene mabwana akuno amaitanitsa? Mbatata yootcha, peyala, nyemba zowiritsa ndi timasamba, zoikidwa m'kambale ka pepala, mtengo wake wogulira nkhuku yamoyo kumudzi. Ine ndimaphika zomwezo kunyumba, akaona amafunsa kuti ndagula kuti.

Koma usipa samalani nawo. Alamu anga ananditumizira pa basi, ine chimwemwe tsaya, m'mawa mwake n'kukautenthetsa mu microwave ya ku ofesi. Fungo linakafika mpaka pakhomo lolandirira alendo. Tsiku lotsatira ndinapeza chipepala chomata pakhoma choletsa kutenthetsa nsomba. Dzina sanalembe, koma aliyense ankadziwa mwini nkhani. Inu poti microwave kulibe mwapulumuka, komabe kontena ya usipa muzikatsegulira panja pamthunzi.

Wa ku Kawale, patapita masabata atatu:

Ndabwera kudzapereka lipoti. Flasiki ndinagula m'tauni, yachitsulo, ndalama yake ngati ya chiwaya cha sabata imodzi. Ndinaiyesa kaye Lamlungu ndi madzi owira, ndinatseka 6 koloko m'mawa, 1 koloko masana anali akadali kuotcha chala.

Mphale ndi nyemba ndiye yandigwira mtima, ndikudya kawiri pa sabata. Futali ndaphika kawiri. Ulendo woyamba ndinapeza phala monga munanenera mayi, ndinachedwa kubafa. Wachiwiri zinatheka. Nsima ya mgaiwa ndimatenga Lolemba, mitanda iwiri monga mwa lamulo la adalaivala, ngakhale dzanja limafunafuna wachitatu. Tulo ta 2 koloko tachepa, ndipo mandasi a 3 koloko ndagula kamodzi kokha. Chigumu chinapserera pansi, m'kati chili chachiwisi. Lachisanu ndimapitabe pa chiwaya, sindinama, koma botolo lija ndasiya ndipo ndimawauza kuti mchere asathire.

Mnyamata uja akusekabe. Dzana anati ofesi yayamba kununkha kumudzi. Koma ndapeza chinthu chimene zaka 6 zonsezi sindinachione. Kupitirira pang'ono pamene ndinabisala ndi mbatata paja, kuseri kwa mpanda pansi pa mtengo wa mango, alonda ndi anyamata onyamula katundu amadyera pomwepo tsiku lililonse, aliyense ndi kontena yake. Wina chinangwa, wina nzama, wina mkute wootcha ndi matemba. Panopa ndimadyera nawo. Mlonda wina wachikulire wa ku Ntcheu ndi amene wandiphunzitsa kuti kachewere wowiritsa ndi khungu lomwe amafika masana ali bwinobwino kuposa wosenda, ndipo amaseka mmene ndimagulira kachewere pa Kawale, akuti kwawo ku Tsangano woteroyo amasiya m'munda.

BP sindinayezetsenso, tsiku langa ndi mu December.

Vuto latsopano ndi lakuti kontena ya ndiwo ikudontha. Lachitatu msuzi wa nyemba unatayikira m'minibasi, pa siketi yoyera ya mayi wina amene anakhala pambali panga. Kuyambira pa Area 18 mpaka ku Kanengo ndinali pa ntchito yopepesa. Pali njira, kapena ndigule ina?

Mayi wa ku Chilomoni:

Kkkk pepani achimwene, koma mayiyo ndikuwamvetsa. Musagule ina. Nyemba za ulendo muziphwetsa msuzi, zitsale zonona, osati zosambira. Zamadzi zimene sizikulowa mu flasiki, zikazizira muziika m'botolo la galasi la chiponde kapena la jamu, la chivindikiro chopotokola, liime chilili pakona ya chikwama, mulitsamiritse ndi botolo la madzi oundana lija. Kontenayo imangeni ndi mphira wa chubu cha njinga, mopingasa kawiri. Chikwamacho chizikhala pamiyendo panu, kondakitala asachiponye kumbuyo.

Za chigumu, pansi siyani makala atatu kapena anayi okha, moto wonse upite pa chivindikiro. Musanachiphule bayani mpeni pakati. Ukatuluka wouma, chapsa.